Loweruka la ku Taghit

Uthenga wa a Gabrieli unafika ku Cuamba Lachinayi masana, ndipo unali waufupi. Ngati Vítor akumufunadi Margarita, abwere ku Ngauma Loweruka lomwelo ndi munthu wamkulu wa kwawo. Akalephera, asadzavutikenso.

Vítor anauwerenga kawiri ali chiimire pakhonde la nyumba ya amayi ake, kuseri kwa siteshoni. Zaka zitatu anakhala akupempha tsiku limeneli. A Gabrieli anali malume ake a Margarita, ndipo chimwalirire bambo a mtsikanayo, mawu onse a pabanjapo ankatuluka m'kamwa mwawo. Chaka ndi chaka ankapeza chozembera: mvula, maliro, fodya. Tsopano anavomera, koma anangompatsa masiku awiri.

Anamuimbira Margarita nthawi yomweyo. Mtsikanayo anali ku Algeria, mumzinda wa Oran, kumene ankaphunzira za mankhwala, ndipo chichokere anali asanapondeko kumudzi. Anayankha akupuma mothamanga, kumbuyo kwake kukumveka atsikana akuseka ndi zipi za zikwama. Atamva nkhaniyo anakuwa ndi chimwemwe.

Kenaka anamuuza Vítor kuti panali kanthu kamodzi. Kumeneko masiku opuma ndi Lachisanu ndi Loweruka, ndipo ophunzira ochokera kunja anachita hayala basi yopita ku Taghit, katawuni ka m'chipululu cha Sahara, ulendo wa maola oposa khumi kulowera kumwera. Basiyo inali kunyamuka pasanathe ola limodzi.

“Usapite,” anatero Vítor. “Amalume ako adzafuna kumva mawu ako. Ukuwadziwa iwe.”

“Zaka zitatu, Vítor. Ndimadziwa kalasi, chipinda changa, ndi msewu wa pakati pake. Palibenso china chimene ndaona m'dziko muno.”

Ananena kuti anafunsa kale kwa amene anapitako, ndipo mafoni amagwira bwinobwino. Loweruka nthawi ya thu koloko ya ku Mozambique adzakhala pansi, foni ili m'manja, kudikira. Vítor anafuna kukakamira, koma anamva m'mawu a mtsikanayo kutopa kumene sanakumvepo kale. M'malo mwake anafunsa funso limene ankadziwa kuti silimkomera: ngati Daudi nayenso akupita.

Daudi anali mwana wa akatekisti a ku Massangulo, m'dera lomwelo la Ngauma. Anakulira tchalitchi chimodzi ndi Margarita, ndipo anakwera ndege imodzi popita ku Algeria. Dzina lake linkapezeka m'nkhani za Margarita pafupipafupi kuposa mmene Vítor ankafunira.

Margarita anausa moyo. Anati Daudi sanalembetse, ali ndi mayeso Lamlungu, ndipo ngati Vítor sangamkhulupirire pa ulendo wa masiku awiri, adzamkhulupirira bwanji pa banja. Anatsazikana mozizira.

* * *

Lachisanu lonse mauthenga a mawu ankangogwa m'foni ya Vítor. Mkwiyo wa dzulo unali utamchoka Margarita, ndipo ankalankhula ngati mwana amene waona komboyo, sitima yapamtunda, koyamba ikudutsa panjanji.

Anati Taghit ndi yaing'ono kuposa tawuni ya Mandimba. Nyumba zakale ndi zadothi lofiira, zogundanagundana, ndipo tinjira ta pakati pake ndi tofolera pamwamba, moti munthu amayenda mumthunzi dzuwa lili pamutu. Kumunsi kuli chigwa cha mitengo ya kanjedza chobiriwira ngati dimba. Koma kuseri kwa nyumba yomaliza, mchenga unangoimirira, wautali ngati mapiri a Mitucué, wopanda udzu ngakhale umodzi. Anakwera osavala nsapato, mapazi akumira mpaka m'akakolo, ndipo atafika pamwamba sanaone china koma mchenga wokhawokha mpaka kumene thambo limathera.

Anasimba za buledi wophikidwa pansi pa mchenga wotentha ndi makala, za tiyi wotsekemera kwambiri wa m'timatambula ting'onoting'ono, za ngamila imene inamuyang'ana ngati inamva mbiri yake yoipa. Mayi wina wogulitsa zipatso za kanjedza anamufunsa za kwawo, ndipo atamva kuti kumeneko mvula imagwa miyezi inayi, anagwira pakamwa osakhulupirira.

“Kuno kuli zii, Vítor,” unatero uthenga wina, mawu atatsika. “Ukaima wekha umamva mtima wako ukugunda. Ndinalakalaka ukanakhala pano, tikanangokhala osalankhula.”

Vítor anaumvetsera uthengawo katatu. Anayamba kulemba yankho lalitali, nalifufuta. Analemba kuti: Zili bwino. Usaiwale mawa.

Uthenga womaliza unabwera dzuwa litapendeka. Margarita anati mphepo yasintha, thambo lasanduka lachikasu, ndipo eni nyumba ya alendo akutseka mazenera ndi nsanza zonyowa. Anaseka, nati mchenga wamulowa mpaka m'mano.

* * *

Loweruka Vítor ananyamuka ndi chapa yoyamba, minibasi yonyamula anthu, iye ndi amalume ake a Claudino, amene anakalambira panjanji ndipo tsopano anali atapuma. A Claudino anavala jekete yawo yakuda ya maukwati ndi maliro, ndipo njira yonse anaikumbatira kuti isadetsedwe ndi matumba a ufa a mayi amene anakhala nawo pafupi.

Ku Mandimba anatsika kuti asinthe galimoto. Ali kudikira chapa ya msewu wa ku Lichinga idzaze, Vítor anamva wina akumuitana. Anali Otília, mwana wa a Gabrieli, msuweni wake wa Margarita, amene ankagulitsa makapulana, zitenje zovala amayi, pamsika wa kufupi ndi malire. Otília ndi amene anayamba kudziwana ndi Vítor, ali kusekondale ku Cuamba, ndipo ndi iye amene anamuonetsa Margarita tsiku lina pasiteshoni. Chichitikire zimenezo, moni wake kwa Vítor unkakhala wokoma kwambiri moti munthu ankachita nawo mantha.

Anapereka moni kwa a Claudino mogwada, kenaka anamkokera Vítor pambali. Anati wamva kuti lero ndi tsiku lalikulu, ndipo akumfunira zabwino, koma sangalole kuti munthu amene amamlemekeza akalowe pabwalo la bambo ake ali wosadziwa kanthu. Anatulutsa foni.

Chithunzicho anachiika pa intaneti ndi Daudi, Lachisanu madzulo. Anthu awiri anaima pamwamba pa phiri la mchenga, dzuwa lili kumbuyo kwawo. Margarita anafunda jekete yachimuna pamapewa, akuseka, maso atatsinzina. Daudi sankayang'ana kamera. Ankayang'ana iye. Pansi pake analemba m'Chipwitikizi kuti munthu angapite kutali bwanji, mtima umapeza wa kwawo.

“Anakuuza kuti apitira limodzi?” anafunsa Otília mofatsa.

Vítor anabweza foniyo. Otília anamgwira padzanja, nati iye sanasunthe, akadali pomwe anamsiya paja, ndipo kwa Vítor chitseko chake chilibe loko. Vítor anachotsa dzanja lake nabwerera kwa amalume ake. A Claudino anamuyang'ana kumaso.

Chapa itanyamuka, anayesa kumuimbira Margarita. Mawu a mayi wa m'makina anayankha m'chilankhulo chimene sankachimva.

* * *

Mudzi wa a Gabrieli unali kumtunda kwa msewu, ulendo wa theka la ola wapansi. Mvula inali ikutha, chimanga chitakhwima, ndipo zigafa zinali zodzaza ndi fodya wopachikidwa, fungo lake likulowa mpaka kukhosi. Alendo anawakhazika pamipando iwiri pamthunzi wa chigafa chachikulu. Amayi ake a Margarita, a Lurdes, anabweretsa madzi osamba m'manja ndi maungu ophika, nakakhala pamphasa chapatali ndi amayi ena atatu.

A Gabrieli anali munthu wamfupi, wolankhula motsitsa, zala zakuda ndi utomoni wa fodya. Sanakalipe. Anamvetsera a Claudino akufotokoza chimene abwerera, nagwedeza mutu, kenaka anafunsa kuti mudzi wa mnyamatayu ndi uti.

A Claudino anayankha kuti agogo ake aamuna anachokera kunyanja yamchere, ku Nacala, kutsata ntchito ya njanji, nakwatira mkazi wa ku Lúrio. Bambo ake anabadwira m'nyumba za pasiteshoni. Kwawo ndi ku Cuamba.

A Gabrieli anati Cuamba si mudzi, ndi malo amene anthu amatsikirapo. Iwo ankadziwa munda umene agogo awo analima ndi mtengo umene anabatizidwira pansi pake. Mwana wa mlongo wawo akadzabereka, anawo adzati kwawo ndi kuti, ndipo adzalankhula chiyani, pakuti pakhomo la a Vítor amamva kuti Chimakhuwa, Chiyao ndi Chipwitikizi zimadyera mbale imodzi.

“Manda athu ali ku Cuamba, bambo,” anatero a Claudino. “Ndinaikako bambo anga, mkazi wanga ndi mlamu wanga, bambo a mwanayu. Kumene munthu waika anthu atatu, sindidziwa ngati kumatchedwabe potsikira.”

A Lurdes anaweramitsa mutu. A Gabrieli anapukuta zala pa buluku, nati iwo si munthu wouma mtima. Mtsikanayo ndi wamkulu, waphunzira kuposa onse pamudzipo. Anene yekha, anthu onse akumva, kuti akufuna uyu, ndipo nkhani ithera pomwepo.

Pamudzipo foni inkagwira malo amodzi okha, pamwamba pa chulu cha kuseri kwa chigafa. Thu koloko itakwana, Vítor anakwera pachulupo ndi nsapato zake zopolisha, naimba. Anayankha mayi wa m'makina uja. Anaimbanso. Anayesa pa intaneti, foni inangolira kumbali yake yokha mpaka kuduka. Anatumiza uthenga, ndipo unakhala pomwepo osapita.

Anthu anayamba kubwera. Amayi ochokera kudimba anatula mitolo yawo naima. Amuna amene ankasoka fodya anasiya singano. Palibe anaseka, ndipo zimenezo zinamuwawa Vítor kuposa kusekedwa. Anaima pachulupo dzanja lili m'mwamba, thukuta likutsika m'khosi la malaya, mpaka mthunzi wa chigafa unafika pamapazi ake.

Atatsika, a Gabrieli analankhula ngati munthu amene akupepesa maliro. Anati mu Januwale makolo a Daudi anabwera pabwalo lomwelo ndi pempho lomwelo. Sanawayankhe, chifukwa mlongo wawo anati mwanayo ali ndi wake ku Cuamba. Lero apereka mpata, anthu onse ndi mboni. Anamvanso kwa Otília kuti mtsikanayo ali kuchipululu, ndiponso kuti ali ndi yani.

“Munthu akadziwa tsiku ndi ola, nathimitsa foni, wayankha,” anatero. “Muyende bwino.”

* * *

Anagona ku Mandimba, kwa mnzawo wakale wa a Claudino. Asanafike n'komwe, ali m'chapa, Vítor anamulembera Margarita uthenga. Anati chithunzi wachiona, yankho walimva, ndipo wachititsa manyazi nkhalamba imene sinamlakwire kanthu. Anati akhale ndi wa kwawoyo. A Claudino anaona zala zake zikuthamanga, namuuza kuti adikire kuche, koma iye anali atatumiza kale.

Lamlungu m'mawa anali pamalo okwerera chapa ya ku Cuamba. A Claudino anali atakhala kale mkati, jekete atapinda pamiyendo. Vítor atangoponda pakhomo la chapayo, foni inalira. Linali dzina la Margarita.

Anatsika napita kuseri kwa galimoto. Asanalankhule, anamva mawu aamuna.

“Achimwene a Vítor, ndine Daudi. Musadule.”

Mawuwo anali osasa, a munthu amene sanagone. Daudi anati akuimba ali pachipatala mumzinda wa Béchar, ndipo anafotokoza zonse mwadongosolo ngati anaziloweza.

Mphepo yamchenga ija inakula Lachisanu, ndipo pofika Loweruka m'mawa mafoni onse a ku Taghit anali atafa. Margarita anazungulira tawuni yonse, nkhope atakulunga ndi mpango, kufunafuna pogwira. Itakwana leveni koloko anayamba kulira. Munthu wina wa galimoto zoyendetsa alendo anati pamsewu wa ku Béchar, pamtunda wina, foni imagwira nthawi zonse. Aliyense anamletsa, eni nyumba, anzake, Daudi yemwe. Iye anati ali ndi lonjezo la thu koloko. Daudi anakwera nawo chifukwa sakanamlola kupita yekha ndi munthu wachilendo.

Sanafike pamtundapo. Mchenga unali utakwirira mbali ina ya msewu, woyendetsa sanauone, ndipo galimoto inagubuduzika kawiri. Woyendetsayo anathyoka mkono. Daudi anangochekeka pamphumi. Margarita anaponyedwa kunja. Anavulala mutu ndi msana, ndipo chichitikire ngoziyo sanatsegule maso.

Vítor anakhala pansi pafumbi, msana atatsamira tayala. Anafunsa ngati ali moyo. Daudi anati ali moyo, ndipo madokotala amulowetsa kukamchita opaleshoni m'mawa womwewo. Za kuyenda, anati n'zosadziwika.

Kenaka Daudi ananena zimene Vítor sanafunse. Anati Margarita sananame. Iye sanalembetse ulendowo. Anasiya mayeso ake nakwera basi ikunyamuka, atamva kuti Margarita ali momwemo. Jekete anamfunditsa chifukwa kunkazizira, ndipo chithunzi anachiika osampempha. Anati amamkonda kuyambira ali ana, ndipo sabisa, koma mtsikanayo anamkana kawiri, kachiwiri pamwamba pa mchenga pomwepo, chithunzi chitangojambulidwa.

“Uthenga wanu wa dzulo wafika mafoni atayamba kugwira,” anatero. “Unaonekera pagalasi, ndauwerenga. Sindinaufufute. Akadzuka adzaupeza.”

Vítor anatseka maso. Anafunsa ngati akumudzi adziwa.

Daudi anazengereza. Anati anaimbira bambo ake mbandakucha, ndipo iwo anathamanga kukawadzutsa a Gabrieli. Madokotala ankafuna wachibale woti asaine chilolezo cha opaleshoni, ndipo panalibe nthawi yodikira a ku ofesi ya kazembe, amene ali kutali ku likulu. A Gabrieli anamuuza pafoni kuti asaine ngati mwamuna wake, pakuti ndi zimene zidzakhale. Iye anasaina. Pamapepala onse a pachipatalapo, Margarita ndi mkazi wa Daudi, ndipo ndi Daudi yekha amene amaloledwa kulowa m'chipinda chake.

“Anandiuzanso zinthu ziwiri,” anatero Daudi. “Kuti inu ndisakuuzeni. Ndiponso kuti amayi ake asamve mpaka opaleshoni itatha, chifukwa cha matenda awo a mtima. Choyambacho ndalephera. Anavulala akukufunani inu.”

Wina anamuitana kumeneko, ndipo foni inaduka.

* * *

A Claudino anamvetsera zonse ali chiimire pambali pa chapa, imene inanyamuka kuwasiya. Anati nkhani ya mwana wa eni imanenedwa ndi eni, ndipo pabwalo paja anawatsazika kale. Vítor anati sangapite ku Cuamba. Sankadziwa chimene akachite ku Ngauma, koma kumeneko n'kumene uthenga wina uliwonse udzayambire kufika, ndipo iye sakanatha kuudikira kudzera kwa Otília. Nkhalambayo inamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka inavala jekete yake nikaitana anthu awiri a njinga zamoto.

Anafika pamudzipo dzuwa lili pamutu, anthu akuweruka kutchalitchi. A Gabrieli sanapite kukapemphera. Anawapeza ataima pachulu paja, foni ili m'manja, maso ali ofiira. Atawaona alendowo anatsika msanga, nakumana nawo panjira asanafike pabwalo.

Sanapereke moni. Anangoyang'ana nkhope ya Vítor ndipo anadziwa.

“Mlongo wanga anagwapo kale kawiri,” anatero motsitsa. “Adokotala a ku Lichinga anati kachitatu sadzadzuka. Mukatsegula pakamwa, maliro ake ndi anu.”

Vítor anati mayi ali ndi ufulu wodziwa kuti mwana wake ali pansi pa mpeni, kuti ngakhale apemphere. A Gabrieli anati ufulu umenewo aupereka ndi iwo, pa nthawi yake, ndipo munthu wa ku Cuamba alibe mawu pabanja limene silinamlandire. Vítor anaona kuti munthuyo ali ndi mantha enieni, ndipo zimenezo zinamsokoneza kuposa ukali.

Nyimbo ya amayi inamveka kumunsi kwa njira. A Lurdes anali pakati pawo, atavala kapulana ya chigwirizano cha amayi, buku la nyimbo lili m'manja. Ataona Vítor anaima. Kenaka nkhope yawo inawala, nasiya anzawo, nayamba kuyenda mofulumira, dzanja lina litagwira pachifuwa.

“Mwabweranso, bambo? Ndiye kuti waimba. Ndinawauza achimwene kuti mwana wanga sangathimitse foni dala.”

Anamgwira Vítor manja onse awiri, chinthu chimene dzulo lake sakanachita pamaso pa anthu. Kumbuyo kwawo a Gabrieli anapukusa mutu pang'onopang'ono. A Claudino anavula chipewa ngati pamaliro, ndipo atazindikira chimene achita, anachivalanso msanga, koma a Lurdes anali ataona kale.

Kumwetulira kwawo kunazilala. Anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana nkhalambayo, kenaka anabwerera kwa Vítor, osasiya manja ake.

“Bwanji mukunjenjemera, mwana wanga? Margarita wanena chiyani?”